Kwa amayi ofunsa za bungwe lothandiza pa khansa ya kummero

Amayi, mwati bambo anu awapeza ndi khansa ya kummero, awalembera kalata yopita ku Lusaka, ndipo mukufunsa ngati pali bungwe lomwe lingakulipirireni zonse. Pepani kwambiri ndi matendawa. Ndikuuzeni mosabisa: bungwe loti mungolembera kalata kenako n'kukupatsani ndalama m'manja n'lovuta kulipeza, ndiye tsiku limene akupatsani kuchipatala lisadutse mukudikira zimenezo.

Mabungwe alipo ndithu, koma ntchito zawo n'zosiyana. Zambian Cancer Society, yomwe mayi Udie Soko anaiyambitsa mu 2007 iwonso atachira khansa, imaphunzitsa anthu za matendawa ndi kulimbikitsa odwala pamodzi ndi owasamalira. Mukafika ku Lusaka afunefuneni, chifukwa kucheza ndi munthu amene anadutsamo kale kumapeputsa mtima. Palinso ofufuza a TROPGAN, gulu lofufuza za matenda a m'mimba ndi kadyedwe ku University of Zambia, kumene madokotala monga Violet Kayamba ndi Paul Kelly akhala akufufuza khansa ya kummero ndi ya m'mimba. Kafukufuku wawo anasonyeza kuti utsi wa nkhuni ndi makala komanso HIV zimawonjezera chiopsezo cha khansa ya kummero kuno kwathu. Awa sapereka ndalama za basi, koma ndi amene akutithandiza kumvetsa chifukwa chake matendawa achuluka chonchi kuno ndi ku Malawi. Fodya ndi kachasu nazonso zimawonjezera chiopsezo cha khansayi.

Chithandizo chenicheni mukachipeza ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha boma chomwe chili pafupi ndi University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka. Vuto lalikulu kwa ife akum'mawa ndi mtunda. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndipo sulendo umodzi wokha ayi. Odwala sangapite okha, ndiye tikiti ndi ziwiri, kuwonjezera pogona ndi chakudya cha wodwazika. Musananyamuke, pitani ku ofesi ya social welfare pachipatala chomwe chakutumizani, kaya ndi Chipata Central kapena St Francis ku Katete, mukafotokoze mmene zilili pakhomo. Tengani kalata yotumizira, zotsatira za kanyama komwe anatapa pounika kummero, chitupa cha NRC ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA ngati ali nalo. Mapepala onsewa muwajambulenso pafoni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kudya. Munthu wa matendawa amayamba kukanika nsima ndi nyama, kenako phala lolimba, mapeto ake ngakhale madzi amabwerera. Musawakakamize nsima poganiza kuti akuchita dala. Apangireni phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mkaka kapena dzira, muzisefa, muziwapatsa pang'onopang'ono kangapo patsiku ali chokhala tsonga, litayamba lazirala. Nsinjirozo zikhale za mtedza wosankha bwino, chifukwa wachuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi. Madzi akayamba kukanika musadikire tsiku la kalata, thamangani nawo kuchipatala. Mufunsenso adokotala za kachubu kamene amaika kummero kuti chakudya chizidutsa, ndi za mankhwala a ululu monga morphine. Kupempha morphine sikutanthauza kuti mwawataya bambo.

Achibale ena adzanena kuti anadyetsedwa kanthu pamaliro kapena pamowa. Musakangane nawo, koma ndalama ya ulendo isathere kumeneko.

Tsono kwa ife tonse owerenga kalatayi, makamaka a mipingo ndi a chilimba. Timakonda kusonkha za masikipa ndi kuguba pa 4 February, tsiku lokumbukira khansa padziko lonse. Sindikunyoza, koma kwa ine ndalama imeneyo ingagwire ntchito yaikulu itagula tikiti ya basi ya banja ngati ili, kapena kulipira mphindi zingapo pa Breeze FM zoti namwino auze anthu kuti kutsamwa nsima kwa masabata, kuonda kosadziwika bwino ndi magazi m'chimbudzi n'zofunika kukaunikitsa msanga.

Amayi, kambiranani ndi abusa kapena ansembe anu sabata ino, ndipo muwauze ndalama yeniyeni ya tikiti ziwiri zopita ndi kubwera. Anthu amasonkha msanga akamva chiwerengero. Ngati muli ndi wachibale ku Lusaka, muimbireni lero za pogona.