Valimba sinaphonye, musaikonze

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wophunzira zoimbaimba ku koleji. Anamupatsa ntchito yolemba nyimbo ya valimba, chida cha mipiringidzo yamitengo choimba pomenya, pa mizere isanu ija yolembapo nyimbo, koma mawu a valimbayo sakugwirizana ndi piyano. Akufunsa ngati awakonze.

Kukonza! Achimwene, liwu limeneli landilasa mtima.

Ine ndinakulira m'kwaya ya mpingo, tikuimba ndi d r m f s (do, re, mi, fa, so), popanda chida chilichonse. Mawu ankapezana okha. Mpingo utagula kiyibodi, mnyamata woiimba anayamba kutiuza kuti mi wathu ngotsika. Amayi ena amene anayamba kuimba ife tisanabadwe anachita manyazi, nkumangoyendetsa milomo osatulutsa mawu, kenaka anasiya kubwera. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa amayi aja sanalakwe. Khutu la munthu likamayanjanitsa do ndi mi limafuna 5:4, kutanthauza kuti mi anjenjemere kasanu pamene do wanjenjemera kanayi. Pa muyeso wa kutalikirana kwa mawu wotchedwa cent, amenewa ndi ma cent 386, pomwe kiyibodi ili pa 400. Wokwera anali makinawo.

Piyano imagawa octave, mtunda wochokera pa do kufika pa do wapamwamba, m'magawo 12 ofanana, lililonse ma cent 100, muyeso umene katswiri wa ku England, Alexander Ellis, anaufalitsa mu 1885. Do mpaka so wachilengedwe ndi 702, wa piyano 700. Mukasanja so pamwamba pa so maulendo 12 mumapitirira ma octave 7 ndi ma cent pafupifupi 23, ndipo Azungu anakangana zaka mazanamazana kuti chotsalachi achibise pati. Mapeto ake anachimwaza paliponse kuti azitha kusintha kiyi mwaufulu. Ndi nzeru ndithu, ndipo muiphunzire bwino. Koma ndi pangano la anthu, silamulo la chilengedwe.

Valimba ya ku Shire, ngati timbila za Achopi ku Mozambique, imagawa octave m'magawo 7 ofanana pafupifupi, lililonse ma cent 171 kapena kuyandikira pamenepo. Amene anaisema anadziwa chimene khutu lake linkafuna. Kuikankhira pa piyano ndi kumunamizira, ndipo mphunzitsi wolola zimenezo akuphunzitsa ana kunyoza kwawo. Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa, pojambula nyimbo kuno m'zaka za m'ma 1950, ankayesa mawu a zida ndi mafoloko achitsulo ochunira. Ife lero tili ndi foni m'thumba, tilephere bwanji?

Nanga muchite chiyani?

Yesani mpiringidzo uliwonse ndi pulogalamu yochunira, mulembe ma cent ake pamwamba pa pepala. Kenaka ikani manambala 1 mpaka 7, kapena lembani pa mizere nkuonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu lililonse poyerekeza ndi piyano ndi + kapena -. Mujambulenso mawu a valimbayo, muwapereke pamodzi ndi pepalalo.