Mbiri ya agogo ako isathere pa mphindi zitatu

Mdzukulu wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, wandilembera uthenga wautali. Agogo ake, mayi amene anagwira choko zaka zoposa 30 n'kuimba kwaya mpaka mawu atayamba kunjenjemera, anamwalira ali ndi zaka 88. Tsopano banja likukonza zomanga chiliza. Achinyamata akufuna masikipa a nkhope ya malemu, kwaya ziwiri ndi vidiyo ya pa Facebook. Amalume ake akuti zimenezo n'zachibwana, manda si posangalalira. Iye akufunsa kuti akulondola ndani.

Pepa kaye, mdzukulu wanga. Amalume akowo akulondola pang'ono chabe. Nkhalamba ya zaka 88 sitiilira ngati mwana wophukira kumene. Ine ndinakula ndikuona adzukulu akuvala nsalu ya malemu pa siwa, kutenga ndodo yake n'kumayenda motsanzira, anthu misozi ili m'masaya koma akuseka. Kwaya ziimbe ndithu. Kungoti nkhaniyi usaikambire pa gulu la WhatsApp, pomwe aliyense amakhala wolimba mtima. Pita kunyumba kwa amalumewo, ukhale pansi, uwapemphe. Akulu ambiri amakana chinthu chifukwa achimva chitatha kale kukonzedwa.

Za masikipa ndili nazo mawu. Chaka chikatha, nkhope ya agogo imapezeka pa chokolopera. Ndinaziona ndi maso angawa. Zithunzi za kuchipatala ndi za m'bokosi, zimenezo zisatuluke m'foni.

Koma chimene chandigwira mtima mu uthenga wako ndi mzere umodzi womwe waulemba mongodutsa: kuti kwanu mumalankhula Chichewa chifukwa amayi ako anakulira ku Dedza, komwe agogo ankaphunzitsa asanabwere ku Mzuzu mu 1989. Kodi unafunsapo chomwe chinawabweretsa? Chaka chimenecho boma linalamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto amene ankagwira ntchito m'chigawo chapakati ndi chakummwera abwerere kwawo. Ine ndinawaona akutsika m'malole, matilesi, mapoto ndi ana zili pamodzi, anawo osadziwa ngakhale kupereka moni m'Chitumbuka. Ena anasiya minda ili ndi chimanga, ena anasiya amuna kapena akazi awo kumeneko. Mayi yemweyo anali kale m'kalasi mu 1968, pamene Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Ndipo anaonanso 1994, sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana oposa miliyoni imodzi atawonjezereka nthawi imodzi, makalasi ena n'kumachitikira pansi pa mitengo. Taganiza kuphunzitsa Sitandade 1 panja m'mawa wa June kuno ku Mzuzu, nkhungu ili tolo, tiana tili ndi chimfine, bolodi atalitsamiritsa ku mtengo.

Nanga pamaliro zinanenedwa zimenezi? Ndikudziwa mmene mbiri ya malemu imawerengedwera, ndaima nawo kambiri ku manda a ku Zolozolo. Anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa, anakwatiwa, asiya ana mwakuti, zidzukulu mwakuti. Mphindi zitatu, wowerenga n'kupinda pepala, anthu n'kuyamba kuika nkhata. Palibe cholakwika, tsiku limenelo mitima imakhala yolemera ndipo dzuwa silidikira. Koma tsiku la chiliza muli ndi mpata, ndipo ntchito imeneyi ndi yanu adzukulu, si ya amalume.

Yambira m'sutikesi yawo, katundu asanagawidwe. Anthu amalimbirana zitenje ndi bulangeti, makope n'kuthera kokulungira mandasi. Mphunzitsi wa nthawi imeneyo sankataya pepala. Ukapeza masikimu, makope okonzera zokaphunzitsa, olembedwa ndi dzanja lopendekeka bwino, makalata a transifa, mwinanso kope la nyimbo lodzaza ndi zilembo d, r, m, f, s zokhala ndi timadontho pakati. Usaganize kuti ndi masamu. Ndi mmene ankalembera maimbidwe, do re mi, ndipo wodziwa akhoza kuiimba nyimboyo lero ngakhale sanaimvepo. Achinyamata a kwaya masiku ano amaphunzirira pa foni, ambiri sangathe kuwerenga kopelo. Amayi okalamba a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wa CCAP kuno kumpoto, ndi aphunzitsi opuma alipo ena amene angathe, koma akutha mmodzimmodzi.

Kumeneko ndiye upite. Funsa kutchalitchi kwawo kuti ankaima pafupi ndi ndani pa kwaya. Usapite chimanjamanja, tenga shuga ndi buledi. Usavale ngati ukupita kumpira. Ukafika, gwada, udzitchule kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo foni ikhale m'chikwama mpaka utapempha chilolezo chojambula mawu. Akayamba ndi nkhani ya miyendo yawo yotupa, mvetsera, usayang'ane nthawi. Nkhani ya agogo ako imabwera tiyi atazizira.

Ufunenso awiri kapena atatu amene anawaphunzitsa. Ali mumsika, ali m'maofesi, wina mwina amayendetsa kabaza ku Luwinga. Wina adzakuuza kuti Madamu ankamenya ndi rula pa zala. Usakwiye, usachotsenso mawu amenewo. Tikamanena kuti malemu anali wabwino kwa aliyense timakhala tikufotokoza munthu amene sanakhaleko. Amene ankamenya ndi rulayo ndi yemwenso mwina ankagulira mwana wamasiye yunifolomu pa malipiro ake ochepawo, ndipo zonse ziwiri n'zake.

Wandiuza kuti pali nyimbo ina imene ankaimba akutsuka mbale, koma ukukumbukira ndime yoyamba yokha. Ukawaimbire amayi aja ndime imeneyo, ngakhale mawu ako ali osasa. Iwo akapitiriza yachiwiri, iwe uzilemba.