Chifukwa chiyani sopo sachita thovu m'madzi a pamjigo?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, wanditumizira funso pa imelo. Akuti chiyambireni kutunga madzi pamjigo chifukwa cha kuuma kwa mipopi, sopo sachita thovu, ndowa yosambira imatsala ndi zoyerayera m'mbali, ndipo khungu limathetheka. Mwana wawo wamkazi, amene akuphunzira ntchito ya mu labotale, anawauzanso kuti m'chipangizo chofunditsira zinthu m'madzi chotchedwa water bath salola kuthiramo madzi a pamjigo. Funso lawo ndi lakuti: ngati madziwo akukanidwa ndi makina, kodi ndi abwino pathupi la munthu?

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mtima ukhale m'malo, chifukwa chimene chikupha thovu m'ndowa yanu si matenda, ngakhale kuti ndi chomwecho chimene a mu labotale akuchikana.

Sopo amapangidwa pophika mafuta pamodzi ndi caustic soda. Kachidutswa kalikonse ka sopo kali ndi mbali ziwiri: mbali ina imagwirana ndi mafuta, ina imagwirana ndi madzi. Litsiro la pathupi limamatirira pa mafuta amene khungu limatulutsa, ndipo madzi okha sangalichotse popeza madzi ndi mafuta sizisakanikirana. Sopo ndiye amazinga timadontho ta mafutawo n'kutinyamulira m'madzi, ndipo mukadzithira madzi otsukuluza timapita pamodzi ndi litsirolo.

Vuto limabwera madzi akakhala kuti adutsa m'miyala ya pansi pa nthaka. Kumeneko amasungunula michere iwiri, calcium ndi magnesium, ndipo mijigo ina imakhala nayo yambiri kuposa inzake malinga ndi mwala umene anaboola. Michereyi ikakumana ndi sopo imamugwira n'kumusandutsa zinthu zoyera zosasungunuka, zomwe zija mumaziona zikuyandama pamwamba kapena zitalemba mzere m'mbali mwa ndowa. Choncho sopo woyamba amene mwapaka amathera kulimbana ndi michereyo, ndipo thovu limayamba pokhapokha michereyo itatha. N'chifukwa chake sopo akukutherani msanga, ndipo pa nyumba ya ana ambiri imeneyi si ndalama yochepa. Mutha kudzionera nokha: tengani mabotolo awiri, lina la madzi a mvula, lina la madzi a pamjigo, muikemo sopo wofanana n'kukhutchumula. La madzi a mvula lidzadzaza thovu, pamene linalo lidzangoyera ngati mwathiramo mkaka pang'ono.

Kuthetheka kwa khungu kuli ndi zifukwa zake. Khungu la munthu lili ndi asidi pang'ono, pafupifupi 5.5 pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, pamene sopo wamba amakhala pakati pa 9 ndi 10, kumbali yotsutsana ndi asidi. Mukaphatikizapo zotsalira zoyera zija ndi madzi otentha kwambiri amene timakonda mu June ndi July, mafuta oteteza khungu amachoka onse. Ine ndimalangiza madzi ofunda chabe, kutsukuluza thupi mokwanira, ndi kudzola mafuta thupi lisanaumiretu. Sopo wamadzi wosambira nthawi zambiri sagwidwa ndi michereyi monga sopo wamtanda.

Tsopano za chipangizo cha mwana wanu. Water bath ndi kabafa kachitsulo kokhala ndi chotenthetsera cha magetsi ndi thermostat (choyezera ndi kuwongolera kutentha), kamene kamasunga madzi pa kutentha kumodzi kosasintha. Nzeru yake ndi yomweyo imene mumagwiritsa ntchito mukamafunditsa botolo la mkaka wa khanda m'poto wa madzi otentha m'malo moliika pamoto. Madzi amazungulira botolo mbali zonse, amapereka kutentha mofulumira koposa mpweya kuwirikiza ka 20, ndipo sazizira msanga. Poyeza mmene magazi a wodwala amaundanira, timachubu timaikidwa pa madigiri 37, komwe ndi kutentha kwa thupi la munthu, chifukwa kutentha kukasintha nthawi ya kuundanayo imasinthanso, ndipo dokotala angalandire zotsatira zolakwika. Pa ntchito zina madzi a m'magazi amafunditsidwa pa madigiri 56 kwa mphindi 30. 

Suzumirani m'ketulo yanu mudzaona chifukwa chimene amakanira madzi a pamjigo. Zoyera zouma zimene zakakamira pansi pake ndi calcium carbonate, imene imatuluka m'madzi akamatenthedwa. M'ketulo zimangochedwetsa kuwira ndi kudya magetsi, ndipo viniga kapena madzi a mandimu amazisungunula. Koma zikakuta chotenthetsera ndi choyezera kutentha cha mu labotale, chipangizocho sichisunganso madigiri oyenera. N'chifukwa chake amathiramo madzi otchezedwa, amene amawiritsidwa, nthunzi yake n'kuziziritsidwa m'paipi monga amachitira otcheza kachasu, michere yonse n'kutsala mumphika. Madziwo amasinthidwanso pafupipafupi, chifukwa kufunda kwa madigiri 37 n'kumene mabakiteriya ambiri amakukonda. Pa chifukwa chomwecho, chinkhupule chosambira chisamagone m'madzi otsala. Chifinyeni n'kuchiyanika padzuwa.

Chimene ndikufuna muchisamale kwambiri, mayi, n'chakuti thovu silinena kanthu za tizilombo. Calcium ndi magnesium sizidwalitsa munthu, koma mjigo umene uli pafupi ndi paipi ya zonyansa yophulika ungathe kupereka madzi oyera mbee, ochita thovu bwino, koma okhala ndi matenda. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro kuno ku Harare, kumene madzi a m'mijigo ina anapezeka kuti anali ndi tizilombo. Choncho madzi akumwa, otsukira mkamwa ndi osambitsira khanda muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala a chlorine potsata malangizo olembedwa pa botolo, n'kudikira mphindi 30 musanawagwiritse ntchito.