Musanalipire fizi ya networking, kaoneni kaye labu yawo

Achimwene, mwafunsa ngati mupite ku koleji yodula ya digiri ya zaka 4 kapena ku yotchipa ija ya dipuloma ya zaka 2, poti zonse zikuti zimaphunzitsa networking, luso lolumikiza makompyuta kuti azilankhulana. Kwa ine fizi si poyambira. Pitani kaye mukaone labu.

Networking ndi ntchito yamanja. Munthu amaidziwa atakhala pa switch (chipangizo cholumikizira makompyuta), walowetsa chingwe cha console cholumikiza laputopu ku switch-yo, akulemba malamulo pa sikirini yakuda ija mpaka makompyuta awiri omwe samamvana ayambe kuyankhana pa ping, lamulo loyesera ngati kompyuta ina ikuyankha. Ndiye mukafika funsani kuti ma router (zipangizo zolumikiza ma netiweki osiyana) ndi ma switch alipo angati, ophunzira angati amagawana chimodzi, nanga labu imakhala yotsegula kalasi ikatha? Masukulu ena zipangizo zimangokhala m'kabati yokhoma, zimatuluka tsiku lobwera alendo basi. Ena amaphunzitsa chilichonse pa Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera netiweki pakompyuta yomwe kampani ya Cisco imapereka ulere ndipo mukhoza kuiyika pa laputopu yanu lero lomwe. Mapulogalamu ena a networking, Wireshark ndi GNS3, nawonso ndi aulere. Ngati zomwe koleji ikukugulitsani n'zomwezo, ndalama zanu zikugula chiyani?

Chimene ambiri amaiwala powerengera ndi mayeso a satifiketi. Olemba ntchito ambiri pa gawo limeneli amafunsa satifiketi ya Cisco yotchedwa CCNA, ena ya CompTIA Network+. Mayeso a CCNA 200-301 ndi madola 300 aku America, ndipo mukalephera mumalipiranso yonse. Satifiketiyo imatha mphamvu pakapita zaka 3. Funsani ngati fizi ikuphatikiza mayesowo, chifukwa mawu oti "timakonzekeretsa CCNA" satanthauza kuti akulipirirani. Makoleji omwe ali mu Cisco Networking Academy, yomwe inayamba mu 1997, ophunzira awo akakhoza bwino amatha kuchotseredwako mtengo wa mayeso.

Pemphaninso silabasi muione ndi maso. Ma adilesi a pa intaneti a mtundu wakale wa IPv4 anatha mu 2011 ku IANA, bungwe lowagawa, koma mupeza sukulu ikungozungulira pa magulu akale a ma adilesiwo a Class A, B ndi C, mtundu watsopano wa IPv6 n'kungoutchula sabata yomaliza. Kuyambira 2020 CCNA imafunsa za chitetezo, wireless ndi automation. Zimenezi zikasowa, maphunzirowo ndi akale ngakhale nyumba zake zikhale zowala.

Digiri sindikuinyoza ayi. Pali ntchito zina zomwe kalata yanu saiwerenga n'komwe ngati mulibe digiri, ndipo mukadzafuna kukwera kukhala woyang'anira ena imathandiza. Kungoti zaka 2 zowonjezerazo zili ndi mtengo wake womwe sulembedwa pa fomu: mnzanu wa dipuloma amakhala wayamba kale kulandira malipiro, akukoka zingwe ndi kukonza ma VLAN (zigawo za netiweki) enieni, inu mukadali m'kalasi.

Ndikadakhala inu, labu ya dipulomayo ikakhala yabwino, ndikadatenga imeneyo n'kusunga ndalama yotsalayo ya mayeso a CCNA. Koma tsimikizani zinthu ziwiri musanalipire: kuti sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba, komanso kuti yunivesite idzavomera zomwe mwaphunzira kumeneko mukadzafuna kupitiriza digiri. Yankho limeneli akupatseni polemba, osati pakamwa.