Silinda ya okosijeni yakhalitsa, kodi ikadali bwino?

FUNSO: Adokotala, ine ndili ku Mufakose konkuno ku Harare, agogo anga amapumira makina a okosijeni. Tili ndi silinda yomwe tinagula nthawi ya Covid mu 2021, yangokhala kuseri kwa wadiropu kudikira tsiku loti magetsi athima. Mpweyawo sunaonongeke?

YANKHO: Achemwali, okosijeni payekha saola ayi, nkhani ili pa silindayo. Valuvu ikamadontha pang'onopang'ono mutha kuipeza ilibe kanthu tsiku lomwe mukuifunitsitsa, ndiye onani geji, kawotchi kosonyeza mpweya wotsala, lero lomwe. Onaninso lebulo, makampani ambiri amalembapo tsiku lothera ntchito, ena amapereka zaka 3, ndipo chitsulocho chimayenera kuyesedwa mphamvu pakapita zaka 5 kapena 10, deti lake amadinda paphewa pa silinda. Ya 2021 ine ndingati kaisinthitseni komwe munagula basi, musachite kuyesera pa agogo.

Komanso musaidalire kwambiri, silinda yaing'ono ya malita 680, wodwala akamapuma malita 2 pa mphindi, imangotha maola 5 ndi pang'ono, pomwe magetsi kuno amatha kupita tsiku lonse.

Kuseri kwa wadiropu ichotseniko, ikhale choimirira pomwe pakupita mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi osuta fodya, ndipo Vaseline kapena mafuta alionse asakhudze valuvu, moto wake ngoopsa zedi.