Kodi "advice" ndi "advise" n'chimodzimodzi?

Funso: Akonzi, ndikamalemba makalata m'Chingelezi ndimasokonezeka ndi mawu akuti "advice" ndi "advise". Kodi ndi liwu limodzi longolembedwa mosiyana, kapena lililonse lili ndi tanthauzo lake?

Yankho: Mawu awiriwa ndi apachibale chifukwa onse amakhudza uphungu, koma sagwira ntchito imodzi m'chiganizo. Liwu lakuti "advice", lolembedwa ndi c, ndi dzina, ndipo limatanthauza malangizo enieniwo amene munthu amapereka kapena kulandira. Lakuti "advise", lolembedwa ndi s, ndi mneni, ndipo limatanthauza kulangiza. Choncho dokotala akakuuzani kuti mupume mudzanena kuti "The doctor advised me to rest", koma pomuthokoza mudzalemba kuti "Thank you for your advice".

Khutu lingakuthandizeni kuposa diso, pakuti "advice" amathera ndi kamvekedwe ka s monga mu "ice", pamene "advise" amathera ndi ka z monga mu "wise". Mukakayika, werengani chiganizocho mokweza ndipo mumvetsere mmene liwulo likuthera. Musadalire kompyuta kwambiri, chifukwa pulogalamu yoyang'ana kalembedwe kokha siiona cholakwa pamene mawu onse awiri ali mu dikishonale. N'chifukwa chake makalata ambiri a kuntchito amatha ndi "Please advice", pamene wolembayo akupempha kuti alangizidwe ndipo anayenera kulemba "Please advise".

Pali vuto lina limene ndimaona kuti ndi lalikulu kuposa la c ndi s. Popeza ife timati malangizo, mochulukitsa, dzanja limathamangira kulemba "advices" kapena "an advice", koma m'Chingelezi cha masiku onse dzinali lili m'gulu la mayina osawerengeka. Langizo limodzi ndi "a piece of advice", angapo ndi "some advice", ndipo mneni wotsatira amakhala wa chinthu chimodzi, monga mu "Her advice was helpful". Komabe "advises" ndi liwu lolondola, chifukwa ndi mneni, monga mu "She advises the students".

M'Chingelezi cha ku Britain lamulo lolemba dzina ndi c ndi mneni ndi s limagwiranso pa "practice" ndi "practise", komanso pa "licence" ndi "license". Ku America amalemba "practice" ndi "license" pa dzina ndi pa mneni pomwe, koma "advice" ndi "advise" amawasiyanitsa ngati mmene a ku Britain amachitira.