Musagule AC chifukwa chakuti boma lidzabweza ndalama

Achemwali ena a ku Houston, kuno ku America, andilembera imelo. AC yawo, makina oziziritsa m'nyumba, yafa, ndipo wogulitsa wawauza kuti asaope mtengo poti boma lidzawabwezera zambiri pa msonkho. Akufunsa ngati n'zoona. Achemwali, mawu omwewo ndi amene anandigwetsa ine.

Munali mu Ogasiti 2023, kuno ku Dallas. Ndinakulira ku Chikwawa, kutentha ndimakudziwa, koma kwathu kukatentha umayala mphasa panja n'kugona. Kuno nyumba n'zotsekeka, AC ikazima m'katimo mumasanduka ng'anjo. Mayi anga anali atabwera kudzaona mdzukulu, ndipo amadwala BP. Usiku wachiwiri ndinawapeza atakhala pansi kukhitchini, atafunda chitenje chonyowa, ali duu, kuopa kundivutitsa. Ndikakumbukira mpaka lero mtima umandipweteka.

Kutacha ndinasaina pepala la munthu woyamba kufika pakhomo. Sanayeze nyumba, sanakwere kudenga kukaona mapaipi a mpweya. Ankangobwereza kuti 30 peresenti ibwerera. Mawuwo anali oona theka. Lamulo la Inflation Reduction Act la 2022 linkalola 30 peresenti, inde, koma pa AC wamba malire anali $600 basi. Pa heat pump, makina otha kuziziritsa komanso kutenthetsa nyumba, ndi pomwe ankafika $2,000, ndipo zimenezo sananditchulire n'komwe. Komanso sichinali cheke chobwera pakhomo ayi: ankangochotsa pa msonkho womwe unayenera kupereka, ndiye ngati msonkho wako unali wochepa, unkapezanso pang'ono.

Choipitsitsa, makina anandiikira ndi aakulu kuposa nyumba. Amayaka, kuziziritsa msanga, kuzima, chinyontho n'kutsala. Anthu amaganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Si choncho pa AC. Ndipo ndinene mosabisa: kugulitsa katundu kwa munthu wa mantha, amene m'nyumba mwake muli wodwala, pomunyengerera ndi dzina la boma, n'kuba. Ife obwera timagwa msanga chifukwa timachita manyazi kufunsa kawiri, ngati kuti kufunsa n'kusonyeza umbuli. Manyazi amenewa atidyera ndalama zambiri, pa galimoto, pa inshulansi, paliponse.

Tsono yankho lanu

Chithandizo cha msonkho chija chinatha. Lamulo la mu Julaye 2025 linachithetsa pa makina oikidwa pambuyo pa 31 Disembala 2025. Amene anaika tsikulo lisanadutse amadzaza Form 5695, fomu ya msonkho yopemphera chithandizochi. Inu mukugula tsopano simulimo. Imbirani kampani yanu ya magetsi mufunse ngati ili ndi rebate (kukubwezeraniko gawo la ndalama zomwe mwagulira), musanasaine chilichonse, chifukwa makampani ena amafuna muike kudzera mwa amisiri awo ovomerezeka. Itanani amisiri atatu, aliyense ayeze nyumba ndipo alembe nambala ya SEER2 (yosonyeza mmene makinawo amasungira magetsi) papepala. Podikira, gulani ka AC ka pawindo muike kuchipinda chimodzi, ana azigona.